Koleji ya dongo ndi galasi ku New York ikufunsa America za mtengo weniweni wa luso

Pamene dziko la America likuthira ndalama zankhaninkhani pa ntchito yobwezeretsa mafakitale omwe adasamukira kumaiko a ku Asia, sukulu zing'onozing'ono za ukachenjede m'dzikolo zikutsekedwa chaka ndi chaka kaamba kosowa ophunzira ndi ndalama zoyendetsera ntchito. M'chigawo cha New York chokha, sukulu za Cazenovia College ndi Medaille University zidatsekedwa mchaka cha 2023, ndipo College of Saint Rose ndi Wells College zidatsatira mchaka cha 2024.

Pakati pa chipwirikiti chimenechi pali koleji ina ya boma yomwe idakwanitsa zaka 125 mchaka cha 2025 ikadali pa ntchito yomwe idayamba nayo. Kolejiyi ndi New York State College of Ceramics, yomwe ili m'tauni yaing'ono ya Alfred, m'boma la Allegany, kumadzulo kwa chigawo cha New York. Ntchito yake ndi yophunzitsa kuumba ndi dongo, kusula galasi, komanso sayansi yofufuza momwe zipangizo zosiyanasiyana zimapangidwira ndi chomwe chimazipatsa mphamvu.

Mbiri ya kolejiyi ikuonetsa kuti phindu la sukulu yophunzitsa luso lapadera silingayesedwe ndi chiwerengero cha ophunzira kapena malipiro omwe amalandira akangomaliza maphunziro. Mafakitale omwe adachititsa kuti kolejiyi ikhazikitsidwe adatha kalekale, koma nzeru zomwe zidasungidwa m'makalasi ake ndi zomwe mafakitale a makono akuzisakasaka lero. Funso lomwe akuluakulu a boma ku Albany, likulu la chigawochi, ndi ku Washington akuyenera kuyankha ndi lakuti kodi ali okonzeka kupitiriza kulipirira luso lomwe zipatso zake zimaoneka patapita zaka makumi angapo.

Momwe kolejiyi idayambira

Mawu akuti ceramics, omwe ali m'dzina la kolejiyi, amaimira zinthu zopangidwa ndi dothi kapena miyala yoperapera, zomwe sizili chitsulo kapena pulasitiki, ndipo zimalimba zikaotchedwa pa moto waukulu. M'gululi muli mbiya, njerwa, matailosi, mbale zadothi ndi masinki, komanso tizipangizo tambirimbiri tomwe timapezeka m'foni za m'manja, m'magalimoto ndi m'ndege. Galasi nalo limawerengedwa ngati mbale wake wa zoumbazi popeza limachokera ku mchenga wosungunulidwa m'ng'anjo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mizinda ya ku America inkakula mofulumira ndipo inkafuna njerwa, mipope ya zonyansa ndi matailosi ofolera nyumba ochuluka zedi. Amisiri ambiri panthawiyo ankagwira ntchito potsata zomwe adaona kwa makolo awo, ndipo njira zosakanizira dongo zinkasungidwa ngati chinsinsi cha banja kapena cha kampani. Katundu wambiri ankasweka m'ng'anjo popanda wodziwa chifukwa chake. Pofuna kuthana ndi vutoli, Edward Orton Jr. adayambitsa maphunziro oyamba a uinjiniya wa zoumba pa Ohio State University mchaka cha 1894.

Ku Alfred kudali kale yunivesite yomwe si ya boma, Alfred University, yomwe idayamba mchaka cha 1836. Kudalinso kampani ya Celadon Terra Cotta yomwe inkaumba matailosi ofolera nyumba pogwiritsa ntchito dothi la m'deralo. Mkulu wa yunivesiteyi panthawiyo, Boothe C. Davis, adali mmodzi mwa omwe adalimbikira kuti boma la chigawo likhazikitse sukulu ya zoumba pamalopo. Mu Epulo 1900, bwanamkubwa wa New York, Theodore Roosevelt, yemwe chaka chotsatira adakhala mtsogoleri wa dziko lonse la America, adasainira lamulo lokhazikitsa sukulu yotchedwa New York State School of Clay-Working and Ceramics.

Mkulu woyamba wa sukuluyi adali Charles Fergus Binns, Mngelezi yemwe adakulira mu fakitale ya mbale zadothi ya Royal Worcester ndipo adasamukira ku America mchaka cha 1897. Iye adatsogolera sukuluyi mpaka mchaka cha 1931. Mchaka cha 1932 sukuluyi idalandira dzina lomwe ili nalo lero, ndipo chaka chomwecho katswiri wa galasi, Samuel R. Scholes, adayambitsa nthambi yophunzitsa sayansi ya galasi. Nyumba yosungiramo mabuku ya kolejiyi imatchedwa dzina lake.

Mgwirizano wa boma ndi yunivesite

Kayendetsedwe ka kolejiyi ndi kachilendo ndithu. Ndi koleji ya boma, ndipo kuyambira mchaka cha 1948 ili pansi pa ambulera ya State University of New York, bungwe lomwe limayang'anira sukulu za ukachenjede za boma m'chigawochi. Koma ntchito ya tsiku ndi tsiku imayendetsedwa ndi Alfred University, yomwe imaperekanso madigiri kwa omaliza maphunziro. Boma limapereka gawo la ndalama zoyendetsera kolejiyi kudzera mu ndondomeko ya zachuma ya chaka ndi chaka.

Makoleji ena anayi otere ali pa Cornell University, ndipo amaphunzitsa za ulimi, za chipatala cha ziweto, za ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito, komanso za umoyo wa anthu m'mabanja ndi m'madera. Maganizo a opanga malamulo adali oti pali maluso ena ofunika pa chuma cha chigawo omwe sukulu zoyendera ndalama za ophunzira zokha sizingawaphunzitse, chifukwa zipangizo zake ndi zokwera mtengo ndipo ofuna kuwaphunzira ndi ochepa. M'malo momanga yunivesite yatsopano, boma lidasankha kubzala koleji yake m'munda wa yunivesite yomwe idalipo kale.

Mgwirizano wotere uli ndi ubwino wake. Ophunzira za dongo ndi galasi amagwiritsa ntchito malo ogona, makalasi a masamu ndi a zinenero a yunivesite yonse, zomwe zimachepetsa ndalama zomwe boma likadaononga. Koma ulinso ndi chiopsezo chake, popeza moyo wa koleji ya boma umadalira thanzi la yunivesite yaing'ono, ya ophunzira pafupifupi 2,000, yomwe ili kumudzi ndipo ikulimbirana ophunzira ndi sukulu zina zambiri.

Mmisiri ndi injiniya pansi pa denga limodzi

Chomwe chimasiyanitsa kolejiyi ndi sukulu zina ndi chakuti imaphunzitsa luso la zojambula ndi zoumba pamodzi ndi uinjiniya. Ili ndi sukulu ya zaluso, komwe ophunzira amaumba mbiya, kuuzira galasi, kusema ndi kujambula, komanso maphunziro a uinjiniya wa zoumba, wa galasi, wa zipangizo ndi wa zinthu zoikidwa m'thupi la munthu. Binns mwini adali chitsanzo cha kaphunzitsidwe kotere, chifukwa ankaumba mitsuko yokongola ndi manja ake kwinaku akufufuza mwa sayansi momwe utoto wonyezimira wokutira zoumba umasungunukira pa moto.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani ya dongo mawuwa ndi oona kwenikweni. Woumba mbiya amadziwa kuti dongo likauma mofulumira limang'aluka, ndiponso kuti utoto wokutira ukamafufuma kapena kunyala mosiyana ndi mbiya yomwe wamatirira, umachita ming'alu pozizira. Injiniya yemwe akulumikiza kachidutswa ka zoumba ndi chitsulo mkati mwa kompyuta amakumana ndi vuto lomwelo, kungoti iye amaliyesa ndi makina ndi kulilemba m'masamu. Mbiya wamba imapsa pa madigiri pafupifupi 1,000, mbale zolimba zimafuna madigiri 1,200 mpaka 1,300, pomwe galasi la m'mawindo limasungunulidwa pa madigiri pafupifupi 1,500. Onse awiriwa ntchito yawo ndi yolamulira moto.

Ku mbali ya zaluso, kolejiyi idatchuka kwambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Daniel Rhodes, yemwe adaphunzitsa kumeneko kuyambira mchaka cha 1947 mpaka 1973, adalemba buku lotchedwa Clay and Glazes for the Potter lomwe lidatuluka mchaka cha 1957 ndipo oumba m'maiko ambiri amaligwiritsabe ntchito. Maphunziro a digiri yachiwiri ya zoumba ku Alfred akhala akuikidwa pa nambala yoyamba m'dziko la America kangapo konse pa mndandanda wa magazini ya U.S. News & World Report. Mchaka cha 2016 yunivesiteyi idatsegula nyumba yatsopano yoonetseramo zoumba, Alfred Ceramic Art Museum.

Ku mbali ya uinjiniya, dzina la kolejiyi lidafika mpaka ku Japan. Mchaka cha 2005 kampani ya Kyocera idapereka madola 10 miliyoni ku yunivesiteyi, ndipo sukulu ya uinjiniya idapatsidwa dzina la Kazuo Inamori, yemwe adayambitsa kampaniyo mchaka cha 1959 ndipo adamwalira mchaka cha 2022. Kyocera idakula kaamba kopanga timabokosi ta zoumba totetezera ziwalo za makompyuta, umboni woti chuma cha dongo chidachoka pa njerwa n'kulowa m'zamagetsi.

Mafakitale adatha, nzeru zidatsala

Kampani ya matailosi yomwe idathandiza kukokera sukuluyi ku Alfred sidakhalitse. Fakitale yake idapsa ndi moto mchaka cha 1909 ndipo sidamangidwenso. Chomwe chidatsala ndi kanyumba ka ofesi kokongoletsedwa ndi zoumba, komwe kakadalipo mpaka lero. Mafakitale a mbale zadothi m'chigawochi nawo adafooka pang'onopang'ono kaamba ka katundu wotsika mtengo wochokera kunja. Fakitale ya Syracuse China, yomwe idayamba mchaka cha 1871, idatsekedwa mchaka cha 2009.

Boma likadakhala kuti linkayesa kolejiyi ndi thanzi la mafakitale a njerwa ndi mbale, bwenzi litaitseka kalekale. Chomwe chidachitika ndi chakuti ntchito ya dongo ndi galasi idasintha nkhope. Chitsanzo chabwino chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kum'mawa kwa Alfred, m'tauni ya Corning, komwe kuli likulu la kampani ya galasi ya dzina lomwelo. Kampaniyi yakhala ikulemba ntchito omaliza maphunziro ku Alfred kwa zaka zambiri, ndipo mbiri yake ikuonetsa komwe luso limeneli lalowera.

Mchaka cha 1953, katswiri wa kampaniyi, S. Donald Stookey, adapeza kuti ng'anjo yake yatentha kufika madigiri 900 m'malo mwa 600. Galasi lomwe lidali mkatimo lidasanduka loyera ngati mkaka, ndipo litagwa pansi silidasweke. Kuchokera pa ngozi imeneyi kudabadwa mtundu watsopano wa zipangizo womwe udagwiritsidwa ntchito popanga mphuno za mizinga ya nkhondo komanso miphika ya CorningWare yomwe idayamba kugulitsidwa mchaka cha 1958. Mchaka cha 2020 galasi la m'banja lomwelo lidaikidwa kumaso kwa foni ya iPhone 12.

Mchaka cha 1970 akatswiri a Corning adapanga ulusi wa galasi woyera kwambiri, wotha kunyamula mauthenga mwa kuwala pa mtunda wautali, ndipo ulusi wotere ndi womwe lero ukulumikiza intaneti pakati pa maiko kudzera pansi pa nyanja. M'zaka za m'ma 1970 kampaniyi idapanganso chipangizo chooneka ngati chisa cha njuchi chomwe chimaikidwa mu paipi ya utsi ya galimoto kuti chithandize kuchepetsa mpweya woipa. Chipangizochi chimapangidwa ndi dongo loyera losakaniza ndi miyala ina yoperapera, ndipo chimafinyidwa pa chikombole monga momwe njerwa za m'fakitale zimapangidwira.

Galasi lolimba la Gorilla, lomwe lidalowa m'foni za m'manja mchaka cha 2007, limapangidwa poviika galasi mu mchere wosungunuka wa potassium pa madigiri pafupifupi 400. Tinthu tating'ono ta sodium timachoka pamwamba pa galasilo ndipo m'malo mwake mumalowa ta potassium tomwe ndi tokulirapo. Kuthithikana komwe kumachitika kumatseka njira ya ming'alu. M'ndege namo, injini za LEAP zomwe zidayamba kugwira ntchito mchaka cha 2016 zili ndi ziwalo za zoumba zopirira kutentha komwe chitsulo sichingapirire. Ku Savannah River, m'chigawo cha South Carolina, zinyalala zoopsa za nyukiliya zakhala zikutsekeredwa mu galasi kuyambira mchaka cha 1996.

Palibe phungu yemwe adavomereza lamulo la mchaka cha 1900 akadalota za foni, intaneti kapena zinyalala za nyukiliya. Iwo ankafuna njerwa zosasweka. Koma polipirira anthu ofufuza chifukwa chomwe njerwa imaswekera, adatsegula khomo la ntchito zomwe sadaziganizire. Kufunika kwa galasi kudavomerezedwa ndi maiko onse pamene bungwe la United Nations lidalengeza 2022 kukhala chaka chokumbukira galasi pa dziko lonse, ndipo mmodzi mwa omwe adayambitsa ganizoli adali L. David Pye, yemwe adakhalapo mkulu wa koleji ya ku Alfred.

Njala ya akatswiri

Mliri wa Covid-19 udaonetsa poyera kuti dziko la America limadalira maiko ena pa katundu wofunikira. Mchaka cha 2020 boma lidapereka madola 204 miliyoni ku Corning kuti ichulukitse timabotolo ta galasi tosungiramo katemera. Kusowa kwa machip, tizipangizo tomwe ndi ubongo wa makompyuta ndi magalimoto a makono, kudaimitsa mafakitale a magalimoto mchaka cha 2021. Poyankha vutoli, mu Ogasiti 2022 Pulezidenti Joe Biden adasainira lamulo la CHIPS and Science Act lomwe lidapatula madola oposa 52 biliyoni olimbikitsira kupanga machip m'dzikolo.

Chigawo cha New York chidakhala chimodzi mwa zopindula. Mu Okutobala 2022 kampani ya Micron idalengeza kuti idzaika mpaka madola 100 biliyoni, pa zaka zoposa 20, pomanga mafakitale a machip pafupi ndi mzinda wa Syracuse. Mchaka cha 2025 kampani ya Apple nayo idalengeza za madola 2.5 biliyoni oti galasi la kumaso kwa mafoni ake onse lizipangidwa pa fakitale ya Corning ku Kentucky. Mafakitale a machip amadalira kwambiri galasi loyera koposa ndi ziwalo za zoumba zomwe zimapirira moto ndi mankhwala aukali.

Koma fakitale imamangidwa pa zaka zochepa pomwe katswiri amasulidwa pa zaka zambiri. Kafukufuku yemwe bungwe la eni mafakitale a machip, Semiconductor Industry Association, lidatulutsa mchaka cha 2023 adati pofika 2030 malo a ntchito okwana 67,000 m'mafakitalewa angadzasowe anthu oyenera. Vutoli ndi lalikulu pa luso la zoumba ndi galasi chifukwa mayunivesite akuluakulu omwe adali ndi nthambi zapadera za zoumba, monga Ohio State, Illinois ndi Rutgers, adaziphatikiza ndi nthambi zina za sayansi ya zipangizo. Sukulu zomwe zikuperekabe digiri yoyamba ya uinjiniya wa zoumba ndi zowerengeka pa zala, ndipo mwa izo muli Alfred ndi Missouri University of Science and Technology.

Mavuto omwe ali kutsogolo

Ngakhale luso lake likufunika chotere, kolejiyi ikukumana ndi mphepo yomwe ikuomba sukulu zonse zing'onozing'ono. Vuto loyamba ndi kuchepa kwa achinyamata. Mchaka cha 2007 ku America kudabadwa ana pafupifupi 4.3 miliyoni, koma pofika 2023 chiwerengerochi chidatsika kufika pafupifupi 3.6 miliyoni. Ana obadwa chuma chitasokonekera mchaka cha 2008 ndi omwe akufika msinkhu wolowa koleji m'zaka zino, kotero olembetsa azicheperachepera. Sukulu ya kumudzi, m'boma lomwe ndi limodzi mwa osauka m'chigawo cha New York, komwe chisanu chimagwa miyezi ingapo, imavutika kukopa wachinyamata yemwe sadamvepo kuti kuli ntchito yotchedwa uinjiniya wa galasi.

Vuto lachiwiri ndi la ndalama za kafukufuku. Mchaka cha 2025 boma la Pulezidenti Donald Trump lidapempha nyumba ya malamulo kuti idule ndi theka n'kuposa ndalama za National Science Foundation, bungwe lomwe limalipirira kafukufuku wambiri wa sayansi m'mayunivesite. Ngakhale mawu omaliza pa nkhani zotere amakhala a aphungu, kusadziwika kwa mawa kumachititsa kuti aphunzitsi aziopa kulemba ophunzira a digiri yachitatu, omwe maphunziro awo amatenga zaka zinayi kapena zisanu. Chaka chomwecho boma lidakhwimitsa malamulo a ziphaso za ophunzira ochokera kunja, ndipo mu Seputembala lidalengeza chindapusa cha madola 100,000 pa ziphaso zatsopano za ntchito za mtundu wa H-1B. Maphunziro apamwamba a uinjiniya ku America amadalira kwambiri ophunzira ochokera kumaiko ena.

Vuto lachitatu likukhudza mbali ya zaluso. Lamulo lomwe Pulezidenti Trump adasainira pa 4 Julaye 2025 lidaika muyezo woti maphunziro omwe omaliza ake amalandira malipiro otsika kuposa a anthu omwe adalekera ku sekondale angathe kuchotsedwa pa mndandanda wa maphunziro olandira ngongole za boma. Lamuloli lidachepetsanso ngongole za ophunzira a madigiri apamwamba. Amisiri a zoumba ndi zojambula kawirikawiri amayamba ndi malipiro ochepa, ndipo ambiri amadzilemba okha ntchito, choncho sukulu za zaluso m'dziko lonselo zili pa chiopsezo. Zina zidagwa kale lamuloli lisanabwere, monga San Francisco Art Institute yomwe idatsekedwa mchaka cha 2022 ndi University of the Arts ya ku Philadelphia yomwe idatsekedwa mwadzidzidzi mu Juni 2024.

Mfundo za otsutsa

Omwe amakayikira sukulu zotere ali ndi mfundo zomwe siziyenera kunyozedwa. Kuphunzitsa munthu mmodzi za galasi kumadya ndalama zambiri kuposa kuphunzitsa za malonda kapena za malamulo. Ng'anjo zimafuna gasi ndi magetsi usana ndi usiku, makina oyesera zipangizo ndi okwera mtengo, ndipo kalasi silingakhale ndi anthu ambiri pamene akugwira galasi losungunuka. Wokhoma msonkho ku New York angafunse chifukwa chomwe ndalama zake zikusulira akatswiri omwe ena mwa iwo amakagwira ntchito kuzigawo zina, kapenanso chifukwa chomwe makampani olemera omwe amapindula sakusenza okha katunduyo.

Ena angati boma lizilipirira uinjiniya wokha, ndipo ofuna kuumba mitsuko yokongoletsera nyumba azidzilipirira okha. Maganizo amenewa amaoneka anzeru pa pepala, koma amaiwala kuti mbali ziwirizi zimagawana ng'anjo, nyumba ya mabuku ndi amisiri okonza zipangizo, ndiponso kuti dzina la Alfred lidatchuka kaamba ka zonse ziwiri. Kudula mbali imodzi sikungachepetse ndalama ndi theka, koma kungachotse chomwe chimasiyanitsa kolejiyi ndi nthambi wamba ya sayansi ya zipangizo yomwe imapezeka pa yunivesite iliyonse yaikulu.

Kusiya ntchito yonse m'manja mwa makampani kulinso ndi ngozi yake. Kampani ya Wolfspeed idatsegula fakitale yaikulu ya machip a silicon carbide ku Marcy, m'chigawo cha New York, mu Epulo 2022, koma mu Juni 2025 idakapempha chitetezo ku bwalo la milandu kaamba ka ngongole, ngakhale idatulukamo patatha miyezi yochepa itakonzanso ngongolezo. Kampani imaphunzitsa munthu zomwe ikufuna chaka chino. Koleji ya boma imaphunzitsa maziko omwe amatsala ngakhale kampaniyo itagwa, monga momwe zidakhalira fakitale ya matailosi itapsa mchaka cha 1909.

Zomwe maiko ena achita

Zomwe zachitika kumaiko ena zikupereka chenjezo. Ku Britain, komwe Binns adachokera, kampani ya Royal Worcester idagwa mchaka cha 2008 ndipo dzina lake lidagulidwa ndi Portmeirion chaka chotsatira. Mchaka cha 2025 kampani ya Royal Stafford, ya mumzinda wa oumba wa Stoke-on-Trent, idatsekedwa, ndipo kukwera mtengo kwa gasi ndi magetsi kudatchulidwa ngati chimodzi mwa zifukwa zake. Fakitale iliyonse ikatsekedwa, amisiri okalamba amapita kwawo ndi nzeru zomwe sizidalembedwe paliponse.

Dziko la China lidatenga njira ina. Mumzinda wa Jingdezhen, womwe wakhala ukuumba mbale zadothi kwa zaka zoposa 1,000, boma lili ndi sukulu ya ukachenjede ya zoumba yomwe idakwezedwa kukhala yunivesite mchaka cha 2016. Monga ku Alfred, sukuluyi imaphunzitsa zaluso ndi uinjiniya pamodzi, koma ophunzira ake ndi ochuluka kwambiri. China ndi dziko lomwe likutsogola popanga matailosi ndi magalasi, ndipo mchaka cha 2023 lidayamba kuika malire pa kagulitsidwe kunja ka miyala ya gallium ndi germanium, yomwe imafunika popanga machip ndi ulusi wa galasi. Mpikisano wa maiko awiriwa suli pa ndalama zokha, komanso pa chiwerengero cha anthu odziwa kusandutsa mwala ndi mchenga kukhala katundu.

Chisankho cha opanga malamulo

Tsogolo la koleji ya ku Alfred lili m'manja mwa magulu atatu. Aphungu a ku Albany ndi omwe chaka ndi chaka amagamula kuchuluka kwa ndalama zopita ku makoleji a boma. Boma lalikulu ku Washington ndi lomwe limagwira chikwama cha kafukufuku ndi cha ngongole za ophunzira. Makampani omwe akudandaula za kusowa kwa akatswiri nawo ali ndi udindo wolipirira ophunzira ndi kugula zipangizo, monga idachitira Kyocera. Kolejiyo payokha ikuyenera kufikira ana a sekondale ndi kuwauza kuti galasi lomwe amalisisita pa foni tsiku lonse lili ndi anthu omwe amalipanga.

Poyerekeza ndi madola mabiliyoni omwe akulonjezedwa ku mafakitale, ndalama zoyendetsera koleji yaing'ono ngati iyi ndi dontho chabe. Koma ndi ndalama zosavuta kudula chifukwa zotsatira zake sizioneka msanga. Akatswiri a galasi amadziwa kuti ng'anjo yaikulu ya m'fakitale imayaka mosalekeza kwa zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo ikazima mwadzidzidzi galasi limaumira mkati n'kuononga makoma ake, kotero kuti kuiyatsanso kumadya ndalama zambiri kuposa kuisunga ikuyaka. Nthambi ya maphunziro ikatsekedwa, aphunzitsi amabalalika, zipangizo zimagulitsidwa, ndipo kuti dziko lipezenso akatswiri otere pamafunika m'badwo wathunthu. Boma la New York lasunga kolejiyi kuyambira mchaka cha 1900, ndipo zomwe aphungu agamule m'zaka zikubwerazi ndi zomwe zidzaonetse ngati mafakitale omwe akumangidwa lero adzapeze anthu owayendetsa.